Phunziro: Kuvala Khungu la Chilombo pa Zisudzo

Ophunzira, pogawana mbali za sewero la Macbeth sabata yatha, anyamata anayi munalimbirana mbali ya Macbeth mwiniwakeyo. Lero tione chifukwa chake mbali yosiririka imeneyi ndiyo yovuta kuposa zonse.

Tiyambe ndi munthuyo. William Shakespeare analemba seweroli cha m'ma 1606. Macbeth ndi msilikali wa ku Scotland amene mfumu Duncan ikumuyamikira chifukwa cha kulimba mtima kwake kunkhondo. Atamva kwa mfiti zitatu kuti adzakhala mfumu, akupha Duncan usiku, mfumuyo itagona ngati mlendo m'nyumba mwake. Kenako akutuma zigawenga kukapha mnzake Banquo, pambuyo pake mkazi ndi ana a mdani wake Macduff.

Vuto loyamba: kulusa msanga

Ambiri akangolowa pabwalo amayamba kutuzula maso, kukukuta mano ndi kukalipa. Akatero, oonera alibenso choyembekezera. Macbeth wa m'gawo loyamba ndi munthu woti mungadye naye nsima mbale imodzi. Iye akudziwa kuti kupha mlendo ndi tchimo, akuzengereza, mpaka mkazi wake akumunyoza kuti ndi wamantha. Nkhanza zake zizikula monga mmene chiswe chimadyera mzati: kunja uli bwinobwino, m'kati ukutha. Choncho musanayambe kuloweza mawu, dzifunseni kuti munthuyu akufuna chiyani, ndipo akuopa chiyani. Oonera akaona munthu wonga iwo akusanduka chilombo, mpamene mantha amawagwira.

Vuto lachiwiri: mawu

Muholo mwathu mulibe maikolofoni. Wokuwira pakhosi amafika gawo lachitatu mawu atasasa, pamene magawo alipo asanu. Mpweya uzichokera m'mimba, ndipo muzilankhula ngati mukuuza munthu amene wakhala pabenchi yakumbuyo kwenikweni. Pouza zigawenga za Banquo, yesani kutsitsa mawu ndi kulankhula mwachifatse, ngati mukutuma mwana kumsika. Mudzaona holo yonse ili zii.

Vuto lachitatu: oonera okudziwani

Oonera athu sakhala chete. Muli anzanu a m'kalasi amene akudziwa kuti dzulo lomweli munalangidwa kutchetcha udzu. Mzimu wa Banquo ukalowa paphwando nkhope ili mbuu ndi ufa, wina adzakuwa dzina lenileni la wosewerayo, holo n'kufa nalo phwete. Pamenepo musamwetulire, musayang'ane kwa wokuwayo. Maso akhale pa mzimuwo, dikirani phokoso litsike, kenako pitirizani. Inu mukakhulupirira kuti mukuona mzimu, iwonso posachedwa akhulupirira.

Vuto lachinayi: zovala ndi zida

Ndalama zogulira zodzoladzola tilibe, ndipo makala ochuluka kumaso amasandutsa Macbeth kukhala choseketsa. Taonani mmene mlembi anachitira: Duncan akuphedwera kuseri, oonera n'kungoona mipeni ndi manja a magazi basi. Ifenso utoto wofiira pang'ono m'manja ukwanira. Mipeni ndi malupanga zikhale zamtengo, nsonga zake zobuntha. Nkhondo yomaliza ndi Macduff muziiyeserera pang'onopang'ono, mukuwerenga mapazi, mpaka aliyense adziwe kumene lupanga la mnzake lidzere. Mkwiyo ndi wa Macbeth, koma dzanja ndi lanu.

Vuto lachisanu: kuvula khungulo

Sewero likatha, dzina limatsalira. Mudzaitanidwa "Macbeth" kudayining'i, ndipo atsikana osewera mfiti aja adzamva zoposa pamenepo. Musazitengere kumtima. Koma dzisamaleninso, chifukwa amene wakhala milungu ingapo akulamula ndi kuopseza amatha kupita nalo khalidwelo kuhositelo. Tikamaliza kuyeserera, sukusulani, bwezani chisoti chaufumu m'katoni, mupatsane moni ndi Banquo pomutchula dzina lake lenileni.

Ntchito

Anayi munalimbirana aja, aliyense akonzekere gawo limene Macbeth akutuma zigawenga kukapha Banquo. Mudzalisewere kawiri: koyamba mokalipa, kachiwiri motsitsa mawu, manja ali kumbuyo. Ena nonse mudzakhale kumabenchi akumbuyo, mudzalembe kuti ndi liti lomwe linakuimitsani tsitsi, ndi chifukwa chake. Mbaliyi tidzaipereka Lachisanu, tikamva mayankho anu.