Phunziro: Mapiri, Mitambo ndi Kusungunuka kwa Madzi Oundana

Mlimi aliyense adziŵa kuti usiku wa mu Juni wopanda mitambo umazizira kwambiri, pamene usiku wa mitambo umakhala wofundako. Adziŵanso kuti kucigwa ca Luangwa kumatentha kuposa kumtunda kwa Chipata. Zimene zimacititsa izi ndizo zimasungunulanso madzi oundana kumalekezero a dziko lapansi, ku Antarctica kum'mwera ndi ku Greenland kumpoto. M'phunziro lino tiona mmene phiri ndi mtambo zimasinthira kutentha kwa malo.

Mphepo ikakwera phiri

Mphepo yonyamula cinyontho ikagunda phiri imakakamizika kukwera. Pokwera imazizira, cinyontho cimasanduka mitambo, ndipo mvula imagwa kumbali imene mphepo yacokera. Ikadutsa pamwamba imatsikira kumbali inayo itauma kale. Mphepo youma ikamatsika imatentha ndi digiri imodzi pa mamita 100 alionse, kuposa mmene inazizilira pokwera, motero imafika pansi yofunda ndi youma. Ku Ulaya, kumapiri a Alps, mphepo yotere amaicha föhn.

Ku Antarctica kuli dera lalitali loloza ku South America lochedwa Antarctic Peninsula, ndipo pakati pake pali msana wa mapiri otalika mamita 1,500 mpaka 2,000. Mphepo ya kumadzulo imakwera mapiriwo, nkutsikira kum'mawa yofunda. Kum'mawako kunali cimphanthi ca madzi oundana coyandama panyanja, cochedwa Larsen B, cocindikala mamita oposa 200. Mphepo yofunda inali kusungunula pamwamba pake, madzi nkuima m'mathamanda ndi kuloŵa m'ming'alu. Kulemera kwa madziwo kunakulitsa ming'aluyo mpaka pansi. Kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka mu Malici 2002, gawo la mahekitala pafupifupi 325,000 linasweka m'milungu yocepa cabe.

Cimphanthico cinali kuchinga madzi oundana a pamtunda monga mmene khoma la damu limachingira madzi. Citasweka, madzi oundana a m'mapiri anayamba kutsetserekera m'nyanja mwamsanga, ndipo amenewa ndiwo amakweza nyanja.

Mtambo: mthunzi kapena bulangeti

Mtambo uli ndi nchito ziŵiri. Umachinga dzuŵa, ndipo umabweza pansi kutentha kumene kukanathaŵira kumwamba. Mtambo wocindikala masana ndi mthunzi, koma mtambo wopyapyala umalola dzuŵa kudutsa, nkusunga kutenthako pansi.

Izi zinaoneka ku Greenland mu Julai 2012. Mphepo yofunda yocokera kum'mwera inakhazikika pamwamba pa cisumbuco masiku angapo. Pofika pa 12 Julai, pafupifupi 97 peresenti ya pamwamba pa madzi oundana inali itayamba kusungunuka, ngakhale pamalo okwera kwambiri a mamita oposa 3,000 pamene kusungunuka kumacitika kamodzikamodzi. Akatswiri anapeza kuti pamalo okwerawo mitambo yotsika ndi yopyapyala inathandiza kutentha kufika poti madzi oundana asungunuke. Nkhaniyi ndi yaikulu cifukwa madzi oundana onse a ku Greenland atasungunuka, nyanja ingakwere ndi mamita pafupifupi 7, ndipo mizinda ndi minda ya m'mbali mwa nyanja ingamire.

Zotengapo kumunda

Coyamba, nyengo ya boma lonse siifanana ndi nyengo ya munda wanu. Phiri, cigwa ndi kumene mphepo imacokera zimapatsa munda uliwonse nyengo yakeyake. Munda wa kuseri kwa phiri, kumene mphepo imatsikira, umauma msanga. Umafuna kuphimbira nthaka ndi mapesi, ndiponso mbewu zoca msanga kapena zopirira cilala monga mapira ndi mawere.

Caciŵiri, mphepo yozizira ndi yolemera, ndipo usiku imatsetserekera kumalo otsika monga madzi. Ndico cifukwa cake cisanu cimawaula matimati, nyemba ndi nthoci za kudimba la m'dambo, pamene za kumtunda pang'ono zimapulumuka. Mu Juni ndi Julai, mukaona madzulo kumwamba kuli mbee ndipo mphepo yaleka, phimbani nazale ndi udzu dzuŵa lisanaloŵe, ndipo onetsetsani kuti nthaka ndi yonyowa, pakuti nthaka yonyowa imasunga kutentha kwa masana. Usiku wa mitambo ngozi imacepa.

Nchito yocita

Kwa masiku 14, lembani m'buku lanu madzulo alionse ngati kuli mitambo ndi kumene mphepo icokera. M'mamaŵa yendani kucokera kumtunda kwa munda mpaka kudambo, ndipo lembani pamene mame ndi kuzizira zaculuka. Jambulani mapu a munda wanu oonetsa malo ozizira ndi malo ouma msanga. Ophunzira abwere nawo mapuwo m'kalasi, ndipo amene anatsiriza maphunziro awagwiritse nchito posankha malo a nazale ndi dimba la caka cino.