Mafuta ophikira mu thanki ya dizilo: tiyankhe makalata anu

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wa ku Mchinji amene amanyamula katundu pa pikapu. Akuti: "Dizilo wakwera mtengo, ndipo akasowa timagona pamzere. Mnzanga akuti galimoto ya dizilo imayenda ndi mafuta ophikira. Akunena zoona?" Amisiri athu, ayankheni bambowa.

Katswiri: Bambo, mnzanuyo sakunama. Mu 1900, pa chionetsero cha ku Paris, injini ya mtundu umene anatulukira Rudolf Diesel inaonetsedwa ikulira ndi mafuta a mtedza. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenako nozo imapopera mafuta m'timadontho ting'onoting'ono, n'kuyaka okha. Ndiye a soya, a mpendadzuwa, a mtedza, onsewa amayaka.

Koma kuyaka pakokha sikokwanira. Mafuta ophikira ndi okhuthala pafupifupi kakhumi kuposa dizilo, makamaka m'mawa kukazizira. Nozo imalephera kuwamwaza bwino, ena sapsa, amasiya mwaye pa nozo ndi pa maring'i a pisitoni. Otsalawo amatsetserekera pansi n'kusakanikirana ndi oyilo, ndipo pakapita nthawi oyiloyo amagwirana ngati phala logona. Apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa, chifukwa galimoto imayenda bwinobwino miyezi ingapo, mwini wake n'kumauza anzake kuti watulukira njira, pamene mkati injini ikutha.

Simunatchule mtundu wa pikapu yanu, ndipo nkhani yonse yagona pomwepo. Injini zakale, monga za Mercedes-Benz 240D ndi 300D za m'ma 1970 ndi 1980 zokhala ndi pampu ya Bosch ya mzere, zimapirira ndithu. Mapampu ozungulira a Lucas CAV sachedwa kuthyoka ndi mafuta ozizira. Koma ngati yanu ili ya common rail, monga Toyota Hilux yolembedwa D-4D, chonde musayese ngakhale lita imodzi. Tayala la galimoto timalipopa 2 bar kapena 3, pamene pampu ya injini imeneyi imapitirira 1,300 bar. Manozo ake akaonongeka, mtengo wake umameza zonse zimene mumati mukupulumutsa.

Wowulutsa: Nanga kumbali ya thumba, amisiri?

Katswiri: Afunse mtengo wa lita ya mafuta ophikira m'golosale, ayerekeze ndi wa dizilo pa pampu, akumbukirenso kuti lita ya ophikira ili ndi mphamvu yocheperako, sifika patali ngati ya dizilo. Kawirikawiri phindu palibe. Komanso gawo lalikulu la mafuta ophikira kuno limachokera kunja, kugulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo zimene zimasowa pogula dizilo. Ine sindingalimbikitse munthu kuthira mu thanki mafuta amene mayi akugula a m'kapepala kuti athire m'ndiwo.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Ndirande amene amakazinga tchipisi pa chiwaya. Akuti mafuta akada amawataya, ndiye akufunsa ngati mlongo wawo angawagwiritse ntchito pa injini ya chigayo kumudzi.

Katswiri: Mayi, funso lanu landikondweretsa, ndipo ndikuthokozeni kuti mafuta akada simukazingiranso anthu. Apa ndiye pali nzeru, chifukwa mafutawo ndi aulere, komanso injini za chigayo za silinda imodzi, zoyenda pang'onopang'ono zija, sizinyada. Kungoti mafuta a pachiwaya amabwera ndi nyenyeswa za mbatata, mchere ndi madzi, ndipo madziwo ndi amene amadya pampu. Muwaike mu chigubu akhale osagwedezeka milungu iwiri, mutsanule apamwamba okha, muwatenthetse, muwasefe pa nsalu yothinana kenako pa fyuluta ya dizilo. Kuti mudziwe ngati mwatsala madzi, donthezani pang'ono pa chiwaya chotentha: akathetheka, sanakonzeke. Amene munakazingira nyama, oundana kukazizira, asiyeni.

Alongo anuwo aike mathanki awiri. Alize injini ndi dizilo, ikatentha atsegule mafuta ophikira, amene paipi yake idutse pafupi ndi madzi otentha a injini kuti afike madigiri 70 kapena 80, apyapyale. Akatsala pang'ono kuweruka abwerere ku dizilo kwa mphindi zingapo kuti pampu ndi manozo zisagone ndi mafuta okhuthala. Oyilo azisintha kawiri pamene kale ankasintha kamodzi, ndipo akaona kuti akuchuluka yekha pa kamtengo koyezera, aimitse injini tsiku lomwelo.

Wowulutsa: Mnyamata wa ku Mzuzu walemba kuti anaona pa YouTube anthu akupanga biodiesel pakhomo, ndipo akufuna kuyamba kugulitsa.

Katswiri: Achimwene, biodiesel ndi chinthu china. Amatenga mafuta a mbewu, kusakaniza ndi methanol ndi soda wowotcha uja, glycerine n'kukhala pansi, pamwamba n'kutsala mafuta opyapyala oyandikira dizilo. Amenewa injini imawalandira bwino kuposa osakonza. Koma methanol ndi poizoni, imachititsa khungu, imalowa ngakhale pakhungu la m'manja, ndipo moto wake masana suoneka bwino. Si ntchito ya m'khitchini momwe muli ana. Za kugulitsa, mafuta a galimoto m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA, ndipo pamafunika chilolezo.

Maganizo anuwo musawataye. Petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982, ndipo kampani ya BERL inagwirapo ntchito ndi alimi yofinya mafuta a msatsimanga, mbewu yosadyedwa, oti azisakanizidwa ndi dizilo. Pitani kaye kwa aphunzitsi a za sayansi ku koleji ili pafupi nanu, mukaone mmene amayezera mafutawo asanathiridwe mu injini ya munthu.

Wowulutsa: Pafika uthenga wapafoni: "Nanga ife a Sienta?"

Katswiri: Ayi, ayi. Galimoto imeneyo ndi ya petulo, imayatsa ndi mapulagi. Mukathira mafuta ophikira idzangofuka utsi n'kuzima, mukalipira makaniko wotsitsa thanki.