Kusintha Kapitao wa m'Kompyuta

Ana inu, popita ku sukulu m'mawa muno m'Dambwa North mumaona amisiri alikumanga nyumba. Wina asakaniza simenti, wina anyamula njerwa, wina apala matabwa. Koma pakati pao pali munthu mmodzi amene auza aliyense cocita ndi nthawi yocicitira. Ameneyo ndiye kapitao. Iye akapanda kubwera anchito angokhala pansi, ngakhale zipangizo zonse zilipo.

M'kompyuta namonso muli kapitao wotere, koma si munthu ai. Ndi malangizo ambirimbiri olembedwa ndi akatswiri, ndipo pa Cingerezi dzina lace ndi operating system. Mukadina batani, iye ndiye auza galasi kuti lionetse cilembo. Mukafuna kusunga kalata, iye ndiye aipezera malo. Mukafuna kusindikiza cithunzi, iye ndiye atuma makina osindikizira. Makompyuta ambiri a m'masukulu ndi m'maofesi ali ndi kapitao dzina lace Windows, wopangidwa ndi kampani ya Microsoft ya ku America.

Kapitao ameneyu amakalamba monga munthu. Pamene ali pa nchito, eni ace amamtumizira zigamba kudzera pa intaneti, zotsekera ziboo zimene mbala zingalowerepo. Koma nthawi yace ikatha, zigamba zileka kubwera. Windows XP anabwera m'caka ca 2001, napuma m'caka ca 2014. Windows 7 anabwera mu 2009, napuma mu Januwale 2020. Windows 10 anabwera mu 2015, ndipo nthawi yace inatha pa 14 Okutobala 2025, ngakhale kuti ena analoledwa kulembetsa kuti aonjezeredwe caka cimodzi. Kompyuta ya kapitao wopuma iyakabe ndi kugwira nchito, koma ifanana ndi nyumba imene loko wace wathyoka, mwini wace nagona tulo osadziwa.

Kodi mbala zimenezi ziliko ndithu? Inde ziliko. Mu Meyi 2017 anthu oipa anafalitsa kacilombo ka m'kompyuta, dzina lace WannaCry, ndipo kanalowa m'maiko pafupifupi 150. Kanali kutseka zonse zolembedwa m'kompyuta ndi kuitanitsa ndalama kuti katsegule. Ku England zipatala zina zinabweza odwala cifukwa makompyuta ao anafa. Comvetsa cisoni ndi cakuti cigamba cotsekera ciboo cimeneco cinali citatuluka kale miyezi iwiri m'mbuyo, koma ambiri sanaciike. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Tsono kapitao amene analowa m'malo mwa Windows 10 ndiye Windows 11, amene anatuluka mu Okutobala 2021. Kumuika m'kompyuta si nchito yothamangira. Pali zinthu zinai zimene munthu wanzeru acita.

Coyamba, aona ngati kompyuta yace ili ndi mphamvu zokwanira. Windows 11 afuna RAM yosacepera 4 GB. RAM ndiyo tebulo limene kapitao ayalapo nchito imene alikugwira. Afunanso malo osungira zinthu osacepera 64 GB, ndi kacipangizo kosunga makiyi acinsinsi, dzina lace TPM 2.0. Makompyuta ambiri amene tigula kuno ndi ogwiritsidwapo kale nchito, ndipo ambiri opangidwa caka ca 2017 cisanafike iye awakana. Pali kapulogalamu kaulere, dzina lace PC Health Check, kamene kapima kompyuta ndi kunena ngati ikhoza.

Caciwiri, akopera zinthu zace zonse zofunika pa fulashi: makalata, zithunzi ndi nyimbo. Mlimi wocenjera sasunga mbeu yace yonse m'nkhokwe imodzi, pakuti moto ukagwa, caka camawa adzabzala ciani? Atatha kukopera, atsegule fulashiyo pa kompyuta ina, aone ndi maso ace kuti zonse zilimo.

Cacitatu, aganizira za magetsi. Nchito imeneyi ikhoza kutenga ola limodzi kapena maola angapo. Mukumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku, ngakhale kwa ife okhala pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. M'caka cimeneco mphunzitsi mnzanga anayamba kusintha kapitao wa kompyuta yace madzulo ena, osakopera kanthu. Kompyutayo inali ya pa tebulo, yopanda batire. Nchito ili pakati, magetsi anazima. M'mawa mwace kompyuta inakana kutseguka, pakuti kapitao wakale anali atacoka, watsopano asanakhazikike. Mmisiri wa m'tauni anaiukitsa, koma pofafaniza zonse zinali m'katimo. Mamakisi a ana a m'kalasi lace a temu yonse anapita. Anatolera makope onse nayamba kuwerengetsanso usiku ndi usiku, pa kuunika kwa kandulo. Cotero wokhala ndi laputopu adzaze batire poyamba ndi kuilumikiza ku magetsi. Wa kompyuta ya pa tebulo asankhe nthawi imene adziwa kuti magetsi akhalitsa.

Cacinai, adekha. Pa nthawi ya nchitoyi kompyuta izima ndi kuyaka yokha kangapo, ndipo nthawi zina ioneka ngati yaima. Musaizimitse, musazule cingwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zonse zikatha, mwini wace ayese makina osindikizira ndi mapulogalamu amene awagwiritsa nchito masiku onse. Akaona kuti zinthu sizili bwino, ali ndi masiku 10 obwezeramo kapitao wakale.

Nanga kompyuta imene Windows 11 waikana, tiitaye ku dzala? Iai. Alipo akapitao ena a mtundu wa Linux amene salipiritsa ndalama. Mmodzi wa iwo ndi Ubuntu, amene anatuluka m'caka ca 2004 ndi cithandizo ca Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzina limeneli ndi liu la abale athu a kumwera, lofanana ndi lathu lakuti umunthu. Makompyuta ambiri okanidwa ndi Windows 11, Ubuntu awalandira, nagwiranso nchito zaka zina. Koma pomuika iyenso, kukopera zinthu pa fulashi ndiko kuyamba.

Potsiriza, ana inu, kompyuta ya ku sukulu kapena ya makolo anu ikakufunsani ngati mufuna kapitao watsopano, musafulumire kuvomera. M'katimo muli thukuta la anthu ena. Itanani mwini wace, mumuuze zinthu zinai zimene mwaphunzira lero. Safunsa anadya phula.

Mafunso

1. Kodi kapitao wa m'kompyuta agwira nchito zanji? Nenani zitatu.
2. Cicitika n'ciani kwa kompyuta pamene zigamba zaleka kubwera?
3. Mphunzitsi wa m'nkhaniyi analakwa pa zinthu ziwiri. Ndi ziti?
4. Kuyambira 2015 kufikira 2025 ndi zaka zingati?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."