Malamulo a Zigawo za America pa Kusunga Njoka ndi Nyama Zachilendo

M'dziko la United States mulibe lamulo limodzi lotchula nyama zonse zimene munthu wamba angasunge pakhomo pake, chifukwa udindo woteteza moyo ndi thanzi la anthu unasiyidwa makamaka m'manja mwa zigawo 50 zimene zimapanga dzikolo, ndipo chigawo chilichonse, pokhala ndi nyumba ya malamulo, bwanamkubwa ndi makhoti akechake, chimadziikira malire potengera nyengo yake ndi zimene chinakumana nazo. Mawu akuti nyama zachilendo amatanthauza nyama zimene sizinazolowere kuwetedwa ngati galu, mbuzi kapena nkhuku, ndipo m'malamulo ambiri amalozanso nyama zimene kwawo kwenikweni ndi kunja kwa dzikolo, monga nsato, mikango, anyani ndi ng'azi. Njoka imene ili chiweto chovomerezeka tsidya lino la malire ikhoza kukhala umboni wa mlandu tsidya linalo. Makhoti sawerengera kusunga nyama yakuthengo pa maufulu akuluakulu amene boma silingawakhudze, kotero kuti ufulu umene mwini nyama ali nawo wagona pa ndondomeko: kupempha chilolezo, kudziwitsidwa boma lisanamulande nyamayo mpaka kalekale, kumvedwa, ndi kuchita apilo.

Boma la dziko lonse limalowererapo pa zinthu zowerengeka, makamaka pa nyama zolowa m'dziko ndi malonda odutsa malire. Lamulo lakale kwambiri ndi Lacey Act la mu 1900, limene limalola nthambi ya U.S. Fish and Wildlife Service kulemba nyama zina pa mndandanda wa zowononga, kutanthauza zimene zikapulumuka zingawononge anthu, ulimi kapena zamoyo za m'dzikomo. Mu 2012 pa mndandandawo panaikidwa nsato ya ku Burma, anaconda yachikasu ndi mitundu iwiri ya nsato za mu Africa, umodzi mwa iyo ndi nsato yomwe ija imapezeka m'madambo a Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo mu 2015 panawonjezedwa mitundu ina inayi. Njoka zoterezi siziloledwa kulowa m'dzikolo popanda chilolezo chapadera. Kwa zaka zambiri boma linkati nkoletsedwanso kuzidutsitsa malire a zigawo, koma mu 2017 khoti la apilo la ku Washington, pa mlandu umene linasuma bungwe la osunga zokwawa la USARK, linagamula kuti mawu a lamulolo saletsa kuyendetsa nyamazi pakati pa zigawo 49 za kumtunda, ngakhale amaletsabe kuzitengera ku Hawaii, ku Puerto Rico ndi ku District of Columbia. Chigamulochi sichinamasule aliyense ku malamulo a zigawo, ndipo mbali ina ya Lacey Act yomweyo imachititsa kuti kudutsitsa malire nyama yosungidwa mophwanya lamulo la chigawo kusanduke mlandu wa dziko lonse. Pa nyama za mtundu wa mkango nkhani inatsekedwa mu Disembala 2022 ndi lamulo la Big Cat Public Safety Act, limene linaletsa anthu wamba kugula kapena kuswetsa mikango, anyalugwe, akambuku amizeremizere a ku Asia ndi zinzake, ndipo amene anali nazo kale anapatsidwa mpaka pa 18 Juni 2023 kuti azilembetse.

Zigawo zimatsata njira zitatu, ngakhale zambiri zimasakaniza: kuletseratu, kulola pokhapokha pali chilolezo, kapena kusiyira nkhaniyo makhonsolo a mizinda ndi maboma ang'onoang'ono. Hawaii ndiye aletseratu, moti njoka iliyonse, ngakhale yaing'ono yopanda ululu, siiloledwa pakhomo pa munthu, ndipo wopezeka nayo angalipitsidwe chindapusa chofika madola 200,000 ndi kumangidwa. Chifukwa chake nchomveka kwa aliyense wodziwa zimene zinachitika pa chilumba cha Guam, kumene njoka yofiirira yokwera m'mitengo, imene inafika m'katundu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, inatha pafupifupi mitundu yonse ya mbalame za m'nkhalango. Texas amalola nsato zikuluzikulu ndi njoka zaululu zochokera kunja pa chilolezo chosavuta kupeza. Georgia ali ndi lamulo limene mlendo angaliyese lotembenuzika, pakuti njoka zopanda ululu za m'chigawomo nzotetezedwa ndipo munthu sangazisunge ngati ziweto, pamene zaululu za komweko zilibe chitetezo chotero.

Malamulo ambiri okhwima anabadwa pambuyo pa ngozi, ndipo chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Ohio. Pa 18 Okutobala 2011, mwini famu ina pafupi ndi mzinda wa Zanesville anatsegulira nyama pafupifupi 50 m'makola mwake kenako n'kudzipha, ndipo apolisi, poona kuti mdima ukugwa pamene nyumba za anthu ndi msewu waukulu zili pafupi, anawombera pafupifupi zonse, kuphatikizapo akambuku a ku Asia 18 ndi mikango 17. Chigawocho, chimene chinali chimodzi mwa zotayirira kwambiri, chinakhazikitsa lamulo la nyama zoopsa limene bwanamkubwa John Kasich anasaina mu 2012. Lamulolo linaletsa kugula nyama zoopsa zatsopano, ndipo amene anali nazo kale analamulidwa kuzilembetsa ku nthambi ya zaulimi, kuziika microchip, kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga kamene kamalowetsedwa pansi pa khungu ndipo kamasunga nambala ya nyamayo, kumanga makola a mlingo woikika, ndi kukhala ndi inshulansi yoyambira madola 200,000 kufika 1 miliyoni malinga ndi kuchuluka kwa nyamazo. Kuyambira pa 1 Januwale 2014, wopanda chilolezo analibenso mphamvu yosunga. Njoka zinapatsidwa gulu lawolawo, momwe muli zaululu ndiponso nsato ndi anaconda zimene zafika mafiti 12, omwe ndi pafupifupi mamita 3.7, ndipo wosunga zaululu amayenera kukhala ndi njira yopezera mankhwala opha ululu wa njoka zakezo. Eni nyama ena anasuma ponena kuti kukakamizidwa kuika kachipangizo kaja kunali kulanda katundu wawo ndiponso kuti lamulolo linkawakankhira m'mabungwe a malo osungira nyama amene sankawafuna, koma mu 2014 khoti la apilo la dera lachisanu ndi chimodzi, pa mlandu wa Wilkins ndi Daniels, linakana madandaulo awo.

Ku Florida mantha aakulu ali pa chilengedwe. Nsato za ku Burma, zimene zinabwera ngati ziweto zogulitsa, zinakhazikika m'dambo lalikulu la Everglades, kumene nyengo yofunda ndi madzi ambiri zimafanana ndi kwawo, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anapeza kuti tinyama tina toyamwitsa monga raccoon ndi opossum tinachepa ndi mapelesenti oposa 98 m'madera amene nsatozo zinachuluka. Bungwe la Florida Fish and Wildlife Conservation Commission limagawa nyama m'magulu atatu: loyamba, la mikango, zimbalangondo ndi anyani akuluakulu, sililoledwa ngati ziweto, lachiwiri limafuna chilolezo ndi umboni wa maola 1,000 amene munthu wagwira ntchito ndi nyama za mtunduwo, lachitatu ndi la nyama zosaopsa kwenikweni. Wofuna kusunga njoka zaululu amafunikanso maola 1,000 pa banja lililonse la njokazo. Kugula nsato ya ku Burma ngati chiweto kunaletsedwa mu 2010, chaka chimodzi mwana wa zaka ziwiri ataphedwa ndi nsato ya pakhomo m'boma la Sumter, ndipo mu Epulo 2021 mitundu 16 ya zokwawa, kuphatikizapo ng'azi ya mumtsinje wa Nile ndi abuluzi akuluakulu otchedwa iguana ndi tegu, inaikidwa pa mndandanda wa zoletsedwa. Amene anali ndi iguana kapena tegu anatha kupempha chilolezo chaulere chosungira nyamayo mpaka itafa.

Ndime imeneyi yolola eni akale kupitiriza kusunga ndiyo imene anthu ambiri amatayirapo ufulu wawo, ndipo iyenera kumvetsedwa bwino. Chilolezo chotere chimakhala cha nyama imodzi yodziwika ndi nambala yake, m'manja mwa munthu mmodzi; kawirikawiri sichilola kuswetsa, kugulitsa, kupatsa wachibale kapena kugula ina pamene yoyambayo yafa. Chimafuna umboni woti nyamayo inalipo tsiku la lamulo lisanafike, choncho lisiti yogulira, zikalata za dotolo wa ziweto ndi zithunzi zokhala ndi deti zimalemera kuposa mawu a mwini wake. Chimakhalanso ndi tsiku lotsekera, lomwe nthawi zina limafika patangopita miyezi yowerengeka. Apa wosunga nyama ali ndi dandaulo lomveka, pakuti munthu amene anagula njoka yake mwachilungamo ndipo sanamve za lamulo latsopano amasanduka wolakwa popanda kuchita kanthu kalikonse, pamene amene anataya nsato zawo m'dambo kalekale sadziwika n'komwe.

Wofuna kuyamba kusunga nyama yotere amayenera kufufuza malamulo asanagule, chifukwa chilolezo chimaperekedwa nyama isanafike, ndipo kupempha ili kale m'nyumba kuli ngati kudzineneza. Ayenera kudziwa dzina la sayansi la nyamayo, popeza mindandanda ya boma imalembedwa m'mayina amenewo ndipo dzina la pamsika likhoza kuloza mitundu ingapo. Ofesi yofunsako imasiyana: kwina ndi nthambi ya nyama zakuthengo, kwina ya zaulimi, kwina ya zaumoyo. Chilolezo cha chigawo sichifafaniza lamulo la mzinda. Mzinda wa New York umaletsa nsato zonse, ngakhale zazing'ono zofatsa zimene zimagulitsidwa momasuka m'madera ena a chigawo chomwecho, ndipo mzinda wa Raleigh ku North Carolina unakhwimitsa malamulo ake njoka yolavula ululu yochokera kumwera kwa Africa itaoneka pakhonde pa nyumba ina mu 2021. Mwini nyumba yalendi alinso ndi mphamvu yokana, ndipo lamulo loteteza anthu olumala, limene limalola nyama zowathandiza kulowa m'malo a anthu onse, limatchula agalu ndi akavalo ang'onoang'ono okha, kotero njoka siingabisale kumbuyo kwake. Wosamukira chigawo china amayambiranso pachiyambi, ndipo ayeneranso kuganizira zigawo zimene adutsamo pa ulendowo.

Pali ziletso zinanso zimene gwero lake ndi matenda. Kuyambira mu 1975 nkoletsedwa kugulitsa akamba okhala ndi chigoba chosakwana mainchesi anayi, pafupifupi masentimita 10, chifukwa ana ankatenga kwa iwo tizilombo ta salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba, ndipo mu 2003 boma linaletsa makoswe a mu Africa kulowa m'dzikolo, matenda a monkeypox atafika kwa anthu kudzera m'katundu wa nyama wochokera ku Ghana momwe munali abwampini.

Amene walandira chilolezo amavomera ndi maudindo ake. Kawirikawiri amalola oyendera kuona makola pa nthawi yoyenera, amasunga kaundula wa nyama zobadwa, zofa ndi zosamutsidwa, ndipo amakonzanso chilolezocho chaka ndi chaka. Nyama ikathawa ayenera kuuza apolisi nthawi yomweyo. Ku North Carolina lamulo limanenanso kuti khola la njoka yaululu likhale lokhoma, lolembedwa dzina la njokayo ndi mankhwala oyenera ululu wake. Pa milandu ya chipukuta misozi, makhoti ambiri amatsata mfundo yakale yoti wosunga nyama yakuthengo amalipira zimene yawononga ngakhale atasonyeza kuti anasamala mokwanira.

Boma likaganiza kuti lamulo laphwanyidwa, wosunga nyama amatsala ndi chitetezo chimene malamulo aakulu a dzikolo amapereka kwa aliyense. Apolisi sangachite chipikisheni m'nyumba popanda chikalata cha khoti, pokhapokha mwini nyumba atavomera kapena pali ngozi yosadikira, ndipo munthu ali ndi ufulu wokhala chete ndi kufunsa loya. Popeza pamaso pa lamulo nyama ndi katundu, mwini wake ayenera kupatsidwa chidziwitso ndi mwayi wodziyankhira, ngakhale kuti nyama yoopsa ikhoza kuchotsedwa kaye nkhani n'kumvedwa pambuyo. Kukanizidwa kapena kulandidwa chilolezo kumatsutsidwa poyamba mkati mwa nthambi yomweyo, kenako kukhoti, ndipo masiku ochitira apilo amalembedwa m'kalata ya chigamulo. Amakhala ochepa, ndipo akadutsa mpata umatsekeka. M'zigawo zambiri ndalama zodyetsera ndi kusamalira nyama yolandidwa zimalipidwa ndi mwini wake, zomwe pa nyama yaikulu zingapose mtengo wake m'miyezi yochepa.

Kwa amene watopa nayo nyama kapena wazindikira kuti akuisunga mosaloledwa, kuitaya kuthengo ndi mlandu wina pawokha, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinabala vuto la ku Everglades. Florida ali ndi ndondomeko ya chikhululukiro, imene inayamba mu 2006, momwe munthu amapereka nyama yachilendo popanda chilango, kaya anali ndi chilolezo kaya analibe, ndipo bungwe limaipezera wosunga wina wovomerezeka. Hawaii alinso ndi ndondomeko yake, imene imalola kupereka njoka ku nthambi ya zaulimi kapena kumalo osungira nyama, koma chikhululukirocho chimagwira ntchito pokhapokha munthu wadzipereka yekha kufufuza kwa boma kusanayambe.