Pentani khonde lanu mvula isanagwetse munthu

Inu amene mumakhala ku Dar es Salaam mukuidziwa mvula ya mu Marichi mpaka Meyi, komanso ija ya kumapeto kwa chaka. Ikabwera ndi mphepo imalowa mpaka pakhonde, ndipo simenti yosalala yomwe timaipaka polishi wofiira imaterera koopsa. Mwana akagwa amadzuka n'kupitiriza masewera, koma agogo akagwa angathe kuthyoka fupa la m'chiuno n'kugona miyezi. Penti wa pansi ndi mchenga wosefa zimathetsa vuto limeneli.

Ntchitoyi igwireni pakati pa Juni ndi Seputembala, pamene mvula yachepa. Ngati simenti ndi yatsopano, dikirani masiku 28 kuti iume mpaka m'kati. Ngati nyumba ndi ya lendi, yambani mwauza eni ake.

Mukapita kushopu, kaya ku Kariakoo kaya m'dera lanu, nenani kuti mukufuna rangi ya sakafu, kutanthauza penti wa pansi m'Chiswahili. Musalole kupatsidwa penti wa khoma, chifukwa sapirira mapazi. Onani kuti pachitini pali chizindikiro cha TBS, bungwe loona za ubwino wa katundu ku Tanzania. Khonde la mamita 2 m'lifupi ndi 5 m'litali limafuna chitini cha malita 4, koma simenti ikakhala yokhakhala imamwa penti wambiri, choncho onjezerani lita imodzi. Gulaninso bulashi yawaya, rola, tepi ndi thina ngati pentiyo ndi wamafuta. Ndalama zambiri zithera pachitinicho, ndiye funsani mtengo m'mashopu angapo. Mukalemba munthu woti apente, gwirizanani mtengo wa ntchito yonse, osati wa patsiku.

Chachikulu ndi kutsuka, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Penti sagwira pa polishi. Kwechani ndi bulashi yawaya, madzi otentha ndi sopo waufa mpaka polishi ndi ndere zichoke. Pakauma, donthezanipo madzi. Akalowa m'simenti ndiye kuti pali bwino, koma akangokhala pamwamba kwechaninso. Ngati pali penti wakale, mupaleni ali wonyowa kuti fumbi lisabuke, chifukwa penti wina wakale amakhala ndi mtovu womwe umawononga ubongo wa ana. Matani ming'alu ndi simenti, kenaka siyani masiku awiri kapena atatu. Madzulo matani kapepala ka pulasitiki pansi ndi tepi. M'mawa mukapeza chinyezi kunsi kwake, musapente, dikiraninso.

Podikirapo konzani mchenga. Tengani wa kumtsinje, muutsuke, muuyanike, kenaka muusefe ndi sefa ya ufa. Musatenge wa kunyanja monga wa ku Coco Beach kapena ku Kigamboni. Uli ndi mchere womwe umakoka chinyezi n'kufufumitsa penti.

Pentani m'mawa, pansi pasanatenthe ndi dzuwa. Yambirani kukona yakutali n'kumabwerera chakumasitepe kuti musadzitsekere. Ulendo woyamba pakani mopyapyala, muusiye uume tsiku lathunthu. Ulendo wachiwiri muzipaka kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, ndipo penti akadali wonyowa wazanipo mchenga ndi dzanja monga mmene mumafesera mbewu za mpiru panazale. Musathire milu. Mawa lake sesani mchenga umene sunagwire, ndipo pakani kachitatu mopyapyala kuti wotsalawo umangike. Mukamaliza, lembani mzere woyera kapena wachikasu wa masentimita 5 m'mphepete mwa sitepe iliyonse, kuti maso otopa aone pothera sitepe ngakhale magetsi atazima.

Pakatha masiku awiri mukhoza kupondapo, koma mipando ndi mbaula zidikire sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo muzingokolopa ndi madzi ndi sopo. Mukabwezapo polishi, ntchito yonse yapita pachabe.

Khonde likakonzeka, thandizaninso miyendo ya akuluakulu kuti ilimbe, pakuti munthu wofooka mawondo amagwa ngakhale pouma. Ngati pafupi pali dziwe losambiramo lomwe mungaloledwe kulowa, kuyenda m'madzi ndi njira yabwino. Madzi akafika m'chiuno, miyendo imanyamula pafupifupi theka chabe la kulemera kwa thupi, choncho mawondo sapweteka kwambiri. Ayambe ndi mphindi 10 kumbali yosaya, dzanja lili pakhoma, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka mphindi 20, kawiri kapena katatu pasabata. Asalowe okha m'madzi, ndipo amene ali ndi vuto la mtima kapena la kuthamanga kwa magazi afunse kaye kuchipatala.

Musadikire kuti wina athyoke kaye mwendo. Gulani penti nyengo ikadali youma, ndipo khonde lanu likhale lokonzeka mvula ya mu Okutobala isanayambe.