Malangizo: Magazi Akachepa Chifukwa cha Mankhwala a Khansa

Lero tikulankhula ndi inu a ku Mayani ndi madera ozungulira amene mukulandira chemotherapy ku Kamuzu Central Hospital, ndi abale okusamalirani.

Mankhwalawa akamalimbana ndi khansa, amafooketsanso mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwira, choncho magazi amachepa. Mukamachita phuma pokwera kamtunda kakang'ono, chizungulire, mtima kugunda msanga, zikhatho kuyera, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Pitani kuchipatala cha Mayani kapena cha boma ku Dedza, akayeze magazi ndi malungo omwe, poti malungo amamaliza magazi otsalawo.

Akapeza kuti ayironi ndi wochepa, amapereka mapiritsi ake, nthawi zina ndi folic acid. Chimbudzi chikada chifukwa cha mapiritsiwa musaope, koma musawamwere tiyi. Magazi akatsika kwambiri, amakuikani ena. Alipo jakisoni wa erythropoietin wothandiza thupi kupanga magazi, komatu akhoza kukweza BP ndi kuundanitsa magazi m'mitsempha. Wosankha ndi dokotala wa khansa yekha.

Chonde amayi, abambo, musadalire chidede kapena masamba a mapeyala pofuna kuwonjezera magazi. Idyani bonongwe, nyemba, usipa ndi chiwindi. Achibale athanzi, kaperekeni magazi ku Malawi Blood Transfusion Service.