Firewall pa Kompyuta ya Pakhomo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi firewall n'chiyani?

Ndi mlonda wa pageti la kompyuta yanu. Kompyuta ikalumikizidwa ku intaneti imakhala ndi timakomo toposa 65,000 totchedwa ma port. Chimene mwaitana nokha, monga tsamba la Facebook, mlondayu amachitsegulira. Chogogoda chosaitanidwa amachibweza.

Ndikagula kuti?

Musatulutse ngakhale tambala. Kuyambira 2004, Windows imabwera ndi firewall yoyatsa kale. Vuto lili pa malaputopu a kaunjika ndi okonzetsa. Amisiri ena akamaika mapulogalamu osagula amayamba athimitsa firewall ndi antivirus kuti pulogalamuyo ilowe bwino, kenaka osayatsanso. Mwini wake amabwerera nayo ku Chinsapo kapena ku Mgona ali wokondwa, osadziwa kuti geti lili pululu. Nchifukwa chake laputopu ikangochoka m'manja mwa wina, muziiona nokha.

Ndiona bwanji ngati ndi yoyatsa?

Dinani Start, lembani Windows Security, tsegulani, ndipo musankhe Firewall & network protection. Muona mizere itatu: Domain, Private ndi Public. Pansi pa uliwonse pakhale mawu akuti "Firewall is on". Pamene palembedwa "off", dinani Turn on. Ngati wina anasokoneza zambiri, dinani Restore firewalls to default. Ogwiritsa ntchito Ubuntu alembe sudo ufw status mu Terminal. Ikati inactive, alembe sudo ufw enable.

Nanga Private ndi Public zikusiyana pati?

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Private imalola kompyuta yanu kuoneka kwa zipangizo zina za pa netiweki yomweyo. Isankheni pokhapokha muli pa MiFi yanuyanu ya Airtel kapena TNM yokhala ndi pasiwedi. Mukalumikiza ku hotspot ya neba ku Biwi, kapena ku Wi-Fi ya malo osindikizira mapepala ku Area 25, sankhani Public, chifukwa simudziwa amene mukugawana nawo. Pakatuluka uthenga wopempha "Allow access" wa pulogalamu yosaidziwa, dinani Cancel.

Zoopsazi n'zenizeni?

Inde. Mu May 2017, vairasi ya WannaCry inadutsira pa port 445 n'kutseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain. Siinkadikira kuti munthu adine kanthu.

Ndiye ikayaka, ndatetezeka basi?

Ayi. Vairasi yobwera pa flash yochokera kobena nyimbo ku Kawale sidzera pageti, mumailowetsa nokha m'nyumba. Imeneyo ndi ntchito ya antivirus. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025.

Musanagone lero, tsegulani laputopu yanuyo muone mizere itatu ija, ndipo muwaonetsenso ana amene amaigwiritsa ntchito.